Denga Limene Anakhoma Wamtali

Lolemba, 8 Januwale

Mvula kuyambira m'mawa. Denga layambanso, malo ake omwe aja, m'kanjira kopita kubafa. Beseni, ndowa, ndi poto wamkulu uja wosowa chivundikiro. Tho, tho, tho, tsiku lonse, mpaka phazi langa pa makina limayendera kudonthako.

Ndinati ndikonzetsa chilimwe chathachi. Chilimwe chinabwera, chinapita. Dzuwa likamawala munthu umaiwala kuti uli ndi denga.

Ntchito ilipo, ndisadandaule. Mayunifolomu a sukulu, masiketi ofupikitsa, ndi diresi la ukwati. Mayi a mkwatibwi anabweretsa nsalu dzulo. Yoyera mbee, yolemera, ndi lesi yake. Akuti anachita kuitanitsa kutali, ina ngati imeneyo kuno kulibe. Anabwereza mpaka ndinaloweza. Ukwati kumayambiriro kwa mwezi wamawa.

Wamtali wadzuka mochedwa. Tiyi, buledi, foni, kuchipinda. Mwana wanga mmodzi yekhayo, bambo wandevu zake, kumayenda m'nyumba ngati mlendo woopa kuponda pokolopa. Chitsekereni kampani yawo ali kuno, mkazi wake kwa makolo ake. Anati n'kwa kanthawi. Kanthawi kaja kayamba kumera imvi.

Chipinda chimene akugonamo ndi chomwe ndinkasungiramo nsalu. Tsopano nsalu zili pabalaza, pamipando, patebulo lodyera. Ndimadyera pamiyendo.

Popita kubafa wadumpha beseni osaliyang'ana n'komwe. Mutu umatsala pang'ono kugunda siling'i, koma banga lonyowalo saliona.

Lachitatu, 10 Januwale

Achemwali anaimba m'mawa. Ndinawadandaulira za denga, kuti amisiri masiku ano amatchula mitengo ngati akumanga nyumba yatsopano. Iwo: "Uli ndi mwamuna m'nyumbamo, mmisiri n'ngwachiyani? Msinkhu wonse uja, makwerero safunika n'komwe." Tinaseka. Koma mawuwo anandikhala.

Pa chakudya chamasana ndinamuuza kuti mawa akwere padenga. Anati mawa ali ndi kopita. Kuti? Iye: "Mkuja, Amayi. Mkuja ndikwera."

Mvula imadziwa mkuja? Ndinalankhula zambiri. Kuti kodi akufuna ndikwere ndekha ndi mawondo angawa. Kuti nyumba ino ndinailimbira ndekha bambo ake atatithawa, njerwa iliyonse ndi msoko wanga. Kuti munthu sungadye, kugona, kutchaja foni, basi. Zonse zoona. Koma sizinafunike kunenedwa munthu ali ndi sipuni pakamwa.

Anayika sipuni pansi. "Chabwino, Amayi." Mpunga anausiya theka.

Lachinayi, 11 Januwale

Wakwera.

M'mamawa anabwereka makwerero kwa aneba. Anapita yekha kukagula misomali ya malata, phula, ndi chidutswa cha lata. Ndalama sanandipemphe. Sindikudziwa kumene anazitenga.

Tsiku lonse gu, gu, gu pamutu panga. Dzuwa nalo linasankha lero. Malata otentha ngati simbi, iye chogwada pamwamba pake. Ndinatuluka kukamupatsa madzi, anatsitsa dzanja n'kulandira botolo ali padenga pomwepo. Achemwali sananame.

Akuti misomali yakale inadyeka ndi dzimbiri, ina imazuka ndi zala. Wazula yonse ya mbali imeneyo, wakhoma ina, wamata. Watsika madzulo ali bii ndi phula mpaka m'zigongono, chikhatho chachekeka ndi lata. Ndinam'manga ndi kansalu kotsala pa yunifolomu.

Popita naye mankhwala kuchipinda ndinaona shati yake yoyera, yosita bwino, ili pa hang'ala kuseri kwa chitseko. Nsapato zopolisha pansi pake. Sindinafunse.

Anaima pakhomo la khitchini kudikira kuti ndinene kanthu. Ine: "Tiona mvula ikabwera."

N'chifukwa chiyani ndimatero? Zikomo anali pakamwa pomwepa.

Loweruka, 13 Januwale

Chimvula. Chamabingu, champhepo, chija chimagwa cham'mbali. M'kanjira muja gwa, mouma. Ndachotsa beseni, ndowa, poto. Kwa nthawi yoyamba chiyambireni dzinja ndayenda kupita kubafa osadumpha kanthu.

Ndinamupeza ataima pamenepo, manja m'thumba, maso kusiling'i, akumwetulira yekha. Kumwetulira kumene sindinakuone chibwerereni. Nditati nditsegule pakamwa, wina odi pageti, mayi wa masiketi uja. Mpata unapita.

Kumwamba madzi ochita kutaya, m'mipopi mouma kuyambira Lachiwiri. Tikukinga a mvula. Wamtali wadzaza migolo yonse osauzidwa.

Diresi likuyenda bwino. Chifuwa chatha, kwatsala manja ndi mchira wake wautaliwo. Nsalu imeneyi imaterera ngati nsomba. Maso akundiwawa.

Lachiwiri, 16 Januwale

Kuyesa diresi. Mkwatibwi atadziona pagalasi anagwira pakamwa, misozi mbwee. Kamtsikana kaulemu, kamanyazi. Mayi ake anazungulira, kukoka apa, kutsina apo, kufunafuna cholakwa. Sanachipeze. "Anthu sananame za inu." Kwa mayi amenewo ndiye kuyamika kwakukulu.

Akuti anzawo a kuntchito awiri nawonso ana awo akukwatiwa chaka chino. Mtima wanga myaa. Mwina siling'i yonse ndidzasintha, mwina ndi penti yomwe.

Vuto ndi poika. Pabalaza fumbi la ulusi, kukhitchini utsi, kuchipinda kwanga mchira umakwawa pansi. Ndalipachika m'kanjira muja, pa mbedza yapamwamba pafupi ndi chitseko cha bafa. Pansi ndayala shiti yoyera. Ndi malo okhawo aatali, ndipo tsopano ndi ouma.

Kwatsala mabatani ang'onoang'ono a kumsana. Mawa ndikawafune m'tauni.

Lachitatu, 17 Januwale

Ndilembe basi.

Mabatani ndinawapeza m'sitolo yomaliza. Mvula inandigwira pobwerera, ndinausa pakhonde la banki. Ndikufika pageti, mkazi wa aneba ali pambuyo panga, akuti wabwera kudzatenga makwerero. Tinalowa limodzi. Kukhitchini mpopi uli pwa pwa pwa, madzi abwera. Ndinathamangira kutseka. Kenako ndinamva. Tho. Tho.

Siling'i yafufuma ngati mimba, pamwamba penipeni pa diresi. Madzi ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Kuyambira paphewa, kutsika pachifuwa, kudutsa mu lesi, mpaka pa shiti.

Iye ali kuchipinda, zomvera m'makutu, sakudziwa kanthu.

Ndinamenya chitseko. Atatuluka anayang'ana diresi, anayang'ana kumwamba, nkhope yonse inagwa. "Amayi, koma apa si pamene ndinakhoma..."

Sindinamulole kumaliza. Ndinati dzanja lake ndi la bambo ake, chimene lakhudza chimawola. Ndinati ntchito inamukana, mkazi anamukana, tsopano ngakhale msomali ukumukana. Ndinati kukula konseku n'kopanda ntchito, kodzaza nyumba chabe. Ndinati bola ndikanakhala ndekha.

Mkazi wa aneba ataima pabalaza, kumva zonse.

Iye anangotambasula manja, anatsitsa diresi mosamala ngati akunyamula wodwala, n'kundipatsa m'manja. Anaika ndowa pansi. Anatuluka kukamunyamulira mayiyo makwerero.

Lachisanu, 19 Januwale

Wapita. Dzulo, ine ndili kubafa ndi diresi. Ndinangomva geti. Kachikwama kakang'ono kokha, zina zonse zili momwemo. Bedi woyala bwino.

Ndinati apite, mtima ukatsika abwera. Njala idzamubweza. Ndinali ndidakali wotentha.

Diresi: sopo, ayi. Mandimu ndi mchere, ayi. Viniga, ayi. Mankhwala oyeretsera anachotsa pang'ono pa nsalu, koma lesi inasanduka yachikasu. Ndinapita nalo kwa ochapa ndi makina aja. Mtsikana wa pakauntala anangoliyang'ana, anapukusa mutu. Akuti ndi dzimbiri, likalowa mu nsalu yotere lalowa.

Ndinaganiza zodula mbali yowonongekayo n'kuikapo ina. Ndi nsalu iti? Yotsala ndi yokwana kampango.

Mayi a mkwatibwi sindinawaimbirebe. Foni ndimaigwira, ndimaisiya.

Ndowa ikudzazabe. Sindikufuna n'kuiona komwe.

Lolemba, 22 Januwale

Mayi a mkwatibwi ndinawaimbira Loweruka. Abwera lero ndi mwana wawo.

Ndimayembekezera kukalipa. Kukalipa kukanakhala bwino. Anafunyulula diresi patebulo, anayang'ana banga lonse. Mwana analira mopanda mawu, mapewa okha akugwedezeka. Mayiwo: "Munadziwa kuti denga lanu limadontha, n'kupachika diresi la mwana wanga pansi pake?" Ndinati linali litakonzedwa. "Ndi ndani?" Ndinati ndi mwana wanga. Ndinanena mwa njira yoti amve kuti wolakwa ndi iye. Ngakhale kulibe, ndinamugulitsanso.

Akufuna mtengo wa nsalu ndi zimene analipira kale. Chilungamo chake ndi chomwecho. Makina anga ena, a ovaloko osokera m'mphepete mwa nsalu, ndawagulitsa kwa telala wa pafupi ndi siteji, amawasirira kalekale. Wabwera ndi wilibala. Pamene ankakhala patsala mapazi anayi pa kapeti.

Za anzawo a kuntchito aja, ndiiwale. Mvula ikakuona litsiro siikata.

Wamtali zii. Achemwali akuti kwawo sanafike.

Lachitatu, 24 Januwale

Chiyambire Lachisanu mvula sinagwe. Kumwamba mbee, zochapa zikuuma ndisanamalize kuyanika zina.

M'mawa ndikumwa tiyi, mpopi wakukhitchini unatsokomola, madzi abwera. Pasanapite nthawi, m'kanjira: tho. Tho. Tho.

Ndinakhala kapu ili m'manja. Ndinatuluka, ndinayang'ana kumwamba. Mtambo ngakhale umodzi. Ndinabwerera. Kukudontha.

Ndinapita pamita kuseri, ndinatseka madzi a nyumba yonse. Ndinakhala pansi m'kanjiramo, pa simenti, kudikira. Kudontha kunayamba kutalikirana. Kenako kunasiya. Ndinakatsegulanso. Kunayambiranso.

Mayi ine.

Masiku onsewa ndowa imadzaza dzuwa likuswa mtengo, ine osafunsa kuti madziwo akuchokera kuti. Ndinali nditapeza kale wolakwa, ndifunsirenji?

Anayamba kundiuza. Apa si pamene ndinakhoma. Ndipo n'zoona, banga lakale lili chapakati, latsopanoli lili kuchitseko cha bafa. Ine amene ndimaona msoko wokhota ndili kutsidya kwa msewu.

Lero sindinasoke.

Lachinayi, 25 Januwale

Pulambala wabwera. Kamunthu kakafupi, kolongolola, kuyambira pageti mpaka kubafa anali atandiuza kale matenda a mkazi wake ndi a galu wake. Analowa m'siling'i pa kachibowo ka m'bafa, ndi tochi kukamwa. Ndi nthawi yokhayo imene anakhala chete.

Ndi giza, thanki ya madzi otentha ija ili m'mwambamo. Inafa kalekale, Wamtali akadali pasukulu. Ndinaizimitsa pa switchi n'kuiiwala. Koma paipi yake imalandirabe madzi zaka zonsezi. Wanditsitsira chidutswa, chodyeka ngati chimanga cha anankafumbwe. Akuti imachucha pang'onopang'ono, ndipo madzi akabwera mwamphamvu atasowa masiku, m'pamene imatsegukiratu.

Wadula, watseka. Ntchito yosakwana n'kuphika nyemba komwe.

Akusamba m'manja anangoti, "Koma kunjaku mwakhomedwa bwino, mayi. M'katimo ndinazimitsa tochi, kuwala sikukulowa paliponse. Mmisiri wake mundipatseko nambala, pali nyumba ina ikundivuta." Ndinati ali kutali. Anapitiriza za galu.

Nditamuperekeza ndinalowa kuchipinda kwa Wamtali. Fungo la phula likadalimo, buluku lomwe anavala tsiku lija lili pa msomali. Ndinakhala pabedi pake mpaka miyendo inachita dzanzi.

Lamulungu, 28 Januwale

Ndaimba. Imalira mpaka kuduka. Ndaimbanso madzulo, chimodzimodzi.

Uthenga ndalemba, ndafufuta, ndalembanso. "Inali paipi." Zikumveka ngati ndikumuuza za nyengo. "Bwera kunyumba." Ngati lamulo. Mawu enieniwo zala zikukana. Mayi anga sanandipepesepo, agogo sanawapepesepo iwo. Kwathu munthu akakulakwira amangokuwonjezera nyama m'mbale. Nanga mbaleyo ndiipereka kwa yani?

Achemwali anabwera titaweruka kutchalitchi. Ndinawafotokozera zonse, mawu onse, osachotsapo. Anavula magalasi. "Za mkazi wake unanenanso? Pamaso pa munthu wakunja?" Ndinagwedeza mutu. "Iwe, pakamwa pako ndi sizasi. Koma nsalu ukadula molakwa umasokanso, munthu ayi." Kenako anakumbukira kuti zokwera padenga anayambitsa ndi iwo, anapempha tiyi.

Akuchoka, chimvula china. Chachikulu kuposa chija. Ndinayenda chipinda ndi chipinda, nkhope kumwamba. Paliponse pouma. Nyumba yonse phee, kungomveka mvula kunja.

Ndinkafuna nyumba yosadontha. Ndi imeneyi.

Lachisanu, 2 Febuluwale

Odi pageti chakumasana. Mtima unadumpha. Si iye. Mpongozi wanga, mkazi wake, ndi chikwama chachikulu chopanda kanthu.

Ndinali ndisanamuone chichokereni m'nyumba yawo ya lendi. Ndinayang'ana nkhope, kenako ndinayang'ana m'munsi. Ndi woyembekezera. Osati za dzulo, mimba yaonekera ndithu.

Ndinagwira chitseko. Palibe anandiuza.

"Anati akuuzani akapeza ntchito, Amayi. Amachita manyazi."

Ine ndimati anamuthawa. Ndinauza achemwali choncho, ndinauza iye mwini choncho pamaso. Pomwe anagwirizana okha kuti aliyense akakhale kwawo kuti asawononge zochepa zimene zinatsala, mpaka zinthu zitayenda. Amaonana Loweruka lililonse. Foni imene ndimadana nayo ija, amalankhula ndi iye.

Anamutuma kudzatenga zovala. Ndinamuthandiza kupinda. Atafika pa shati yoyera ija anaigwira kanthawi. Ndinafunsa. Sanafune kunena, ndinachita kukakamiza. Lachinayi lomwe anakwera padenga lija anaitanidwa kukayesedwa ntchito, kumalo kosungira katundu, ntchito yake yeniyeni imene amaidziwa. Anawaimbira kupempha tsiku lina. Anamuyankha kuti anthu ndi ambiri.

"Anati Amayi akhumudwa kwambiri, denga liyambe."

Sanandinene, sanakweze mawu. Anamwa madzi, anakana chakudya mwaulemu. Chikwama ndinamunyamulira ine mpaka pasiteji, sakanatha. Ndinafunsa kumene ali. Apeza kachipinda kamodzi, ali limodzi. Wamtali akutsitsa katundu pa sitolo ya zomangira, kuseri kwa msika waukulu. "Koma musanene kuti ndanena ndine."

Loweruka, 3 Febuluwale

Ukwati uja ndi lero. Magalimoto adutsa kumsewu waukulu, mahutala, nthungululu. Akuti diresi anachita kubwereka.

Ndinatseka mawindo. Mabatani aja akadali m'kachikwama kanga, m'pepala lake.

Lachiwiri, 6 Febuluwale

Ndinapita.

Ndinavala bwino ngati ndikupita ku ofesi. Ndinaphika nkhuku, ndinaika m'kontena. Njira yonse m'basi ndikuyeseza mawu.

Sanavute kupeza, mutu wake umaonekera pamwamba pa onse. Lole ya simenti, amuna ali pamzere, thumba paphewa, kulowa, kutuluka. Mbuu thupi lonse, nsidze zomwe. Waonda. Chikhatho chija wamanga ndi chisanza chakuda.

Anandiona. Anamaliza kaye thumba lake, analankhula ndi kapitawo, anabwera. Anaima patali pang'ono kuti asandidetse.

Zonse ndinayeseza zija zinauluka. Ndinati inali paipi ya giza. Ndinati denga lake silidontha, ngakhale dontho. Ndinati ndinalankhula zoipa, zabodza, ndipo ndikupepesa. Linatuluka, liwu lija. Laling'ono, lopanda mphamvu, pakati pa phokoso la malole.

Anayang'ana pansi. "Ndamva, Amayi."

Ndinati abwere kunyumba, onse awiri, chipinda chilipo, nsalu ndizipezera malo. Anapukusa mutu pang'onopang'ono. "Ayi, Amayi. Pano tili bwino." Ndinati bwino wake uti, simenti m'mapapo? Ndinadzigwira mochedwa, liwu linali litayamba kale kukwera. Anamwetulira pang'ono, kumwetulira kotopa.

"Za paipi sizinandipweteke. Munthu amalakwitsa. Koma zinazo simunaziganize tsiku lomwelo, Amayi. Zinatuluka zokonzeka kale."

N'zoona. Ndinazisoka kalekale, zimangodikira tsiku lovala.

Kontena analandira ndi manja awiri, anathokoza. Anandiperekeza pasiteji, anandipezera mpando wakutsogolo chifukwa cha mawondo, anauza kondakitala pondisiya. "Kukavuta china kunyumba muziimba." Ulemu wonse. Ngati mmene angachitire ndi mayi wina aliyense wachikulire.

Misozi inandipeza basi itadutsa pa mlatho. Mayi wa pambali panga anandifunsa ngati kwagwa zovuta. Ndinati eya.

Lachisanu, 9 Febuluwale

Kalipentala wasintha bolodi la siling'i lowola lija. Zatuluka zonyansa, chuku, ndowe za makoswe, fumbi la zaka. Ndakolopa mpaka msana. Penti idikire, thumba lapyapyala.

Mayunifolomu ndapereka. Ntchito yatsopano ndi zipi wa buluku ndi makatani a mkazi wa aneba. Wabwera nawo yekha, maso akuyendayenda m'nyumba. "Achimwene sakuoneka masiku ano." Ndinati ali kuntchito. Kenako ndinamuitana ali kale pakhomo. Ndinamuuza kuti zija anamva zija ndinanama, denga mwana wanga anakhoma bwino, vuto linali paipi yanga. Anadabwa, anati aa, zimachitika. Kaya akauza anthu monga anauzira zoyamba zija. Nkhani yabwino ilibe miyendo.

Chipinda chili chopanda kanthu. Nsalu zikadali pabalaza. Ndikudyerabe pamiyendo.

Ndimaphika zochuluka, dzanja silinazolowere.

Lachinayi, 15 Febuluwale

Uthenga m'mawa, nambala yachilendo. Mpongozi.

Akuti zovala zonse zamuthina, wakhala akuvala masiketi osatseka zipi, kuphimba ndi juzi. Ngati ndingamusokere diresi limodzi lotakasuka, lopita nalo kusikelo. Alipira pang'onopang'ono. Pamapeto pake: "Amuna anga ndawauza. Sanakane. Anangoti ndisachedwe kubwerako."

Sanakane.

Ndawerenga mpaka foni inazima yokha. Ndayankha kuti abwere Loweruka, za kulipira asatchulenso.

Ndafukula m'mulu wa pampando. Pali nsalu yobiriwira ya timaluwa, yofewa, yosatentha. Ikwana madiresi awiri, limodzi la tsopano, lina lokulirapo la miyezi yomaliza. Zotsala zake tizipewa, timalaya. Ayi, timalaya ndidikire, ndisathamange, angaone ngati ndikugula njira.

Loweruka. Ndigule mkaka, zipatso, akuti oyembekezera amafuna zowawasa. Mpando wofewa ndiuchotse nsalu. Sindimufunsa ngati Wamtali akudya, ngati chikhatho chapola, ngati amanditchula. Sindimutuma mawu. Sindinena kuti chipinda chimodzi ndi khanda sizingatheke, ngakhale sizingathekedi.

Ndiyeza mapewa, chifuwa, mimba, kutalika. Mapini ndiika pakamwa, ambiri, ndipo akhala pomwepo mpaka atapita.